Tsiku limene ndinapepesa mayi wa mwana wopambana

Nkhani iyi ndinaibisa zaka zambiri, ngakhale akazi anga anaimvera kwa anthu ena. Koma poti Amalawi onse a ku Nairobi anaiseka mpaka kutopa nayo, lero ndiinene ndekha, manyazi sapha.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atangofika kumene. Ndinkakhala ku Pangani, ndikugwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu othawa nkhondo. Bwana wathu anali mzungu wa ku America, a Gary. Tsiku lina anandiitana mu ofesi.

"Mr. Chimphepo, baseball mumaidziwa?"

Munthu wanzeru akanati ayi. Koma ine ndinali nditatchuka pa ofesi kuti masewera onse ali m'mutu mwangamu.

"Bwana, ndinakulira momwemo!"

A Gary anasangalala. Anati mchimwene wawo, a Ron, ndi scout, munthu wosaka anyamata aluso kuti matimu akuluakulu a kwawo awatenge ikafika nthawi yosankha osewera atsopano, imene amati draft. Ndiye a Ron anamva kuti pa sekondale ina ku Lang'ata pali mnyamata woponya mpira, pitcher, dzina lake Tiyamike. Anabadwira ku America makolo ake ali pa sukulu, choncho akanatha kutengedwa. A Gary anali ndi ulendo wa ku Sudan, ndiye anandipatsa foni ya ofesi.

"Mukamuone Loweruka. Ron akaimba masewera akatha. Mukamuuza kuti mwanayo ali bwino, akwera ndege."

Loweruka ndinavala jekete ndi magalasi akuda, n'kukwera matatu, minibasi ya ku Nairobi. Kondakitala anandipanikiza ngati thumba la makala, koma ine mumtima ndinali nditafika kale ku America.

Pa bwalo ndinakhala pafupi ndi mayi wina wa chitenje chake. Ndege yaing'ono itadutsa chapansipansi ndinati, "Mayo ine!" Mayiyo anatembenuka.

"Ii, ndinu akumudzi? Mwaswera bwanji achimwene?"

Tinapatsana moni wautali. Anali Mayi Nkhoma, a ku Dowa. Ndinavula magalasi pang'onopang'ono n'kuwauza kuti ndatumidwa ndi a ku America kudzaona mnyamata wina, Tiyamike.

Mayi aja anagwira pamtima. "Ndi mwana wanga ameneyo!"

Nthawi yomweyo soda anabwera. Samusa anabwera. Ambulera yawo inasamukira pamutu panga.

Masewera anayamba. Ndinayang'anitsitsa ndipo ndinawamvetsa msanga, monga munthu wophunzira. Wina aponya mpira, wina aumenya ndi ndodo, anthu athamanga. Basi! Ndiye kuti ntchito ya woponya ndi kulunjika pa ndodo ya mnzake. Zophweka.

Tiyamike anaima pakati, mnyamata wamtali ngati mlongoti. Anakweza mwendo, n'kuponya. Fyuu! Mpira sindinauone n'komwe. Wa ndodo uja anangomenya mphepo.

"Strike!" anakuwa bambo wina wovala chigoba kumaso.

Ndinati mwina ndi mantha oyambira. Anaponyanso. Fyuu! Waphonyanso ndodo. Anaponyanso, chimodzimodzi. Wa ndodo anachoka akupukusa mutu. Anabwera wina, nayenso anachoka wokhumudwa. Bambo wa chigoba uja amangoti "Strike! Strike!" Ndinati zoona, atopa naye mwanayu, akuopseza kuti anyanyala ntchito.

Chodabwitsa, anthu ankaomba m'manja. Ndinati azungu ndi anthu achifundo. Ifenso ku Sande sukulu timamuombera m'manja mwana woiwala vesi.

Mayi Nkhoma anandiyang'ana akumwetulira. "Mukumuona bwanji, achimwene?"

Ndinapuma mozama. "Mayi, tiyeni tione kaye."

Kumwetulira kuja kunachepa.

Kenako inafika nthawi yoti timu inayo iponye. Woponya wawo anali kamnyamata konenepa, kaulemu. Kakaponya, phaa! Mpira uko ku mpanda. Kakaponyanso, phaa! Mpira kuseri kwa mitengo. Anthu kuthamanga, fumbi kobo, chisangalalo chokhachokha.

"Mwaona?" ndinanong'oneza Mayi Nkhoma. "Uyu ndiye pitcher. Saphonya ndodo."

Mayi aja anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti anafuna kulankhula, koma ungatsutsane bwanji ndi munthu wotumidwa ndi America, wa jekete padzuwa?

Tiyamike anapitiriza zake zomwezo mpaka masewera kutha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaugunda mpira wake. Pamapeto anzake anamuthamangira n'kumunyamula m'mwamba. Ndinati eya, akumuchotsa.

Ndinagwira dzanja la Mayi Nkhoma ndi manja awiri, ngati pa maliro.

"Pepani mayi. Ana amasiyana mphatso. Nanga masamu amakhoza?"

Misozi inalengeza m'maso mwawo. "Ndiye kuti sapita? Bambo ake akhala akumuwakhira mipira kuseri kwa nyumba chiyambire ali wamng'ono, mpaka chala chinapindika."

Mnyamatayo anafika thukuta lili kamukamu, n'kundipatsa moni mwaulemu. Ndinamugwira paphewa.

"Mwana wanga, mphamvu uli nazo, koma ukupupuluma. Uziponya pang'onopang'ono, ulunjike pa ndodo. Anzakowo anabwera kudzasewera, osati kudzakupiza mphepo."

Anayang'ana amayi ake, n'kuyang'ananso ine. "Chabwino, ankolo."

Pomwepo foni inalira. Ndinaitulutsa mokweza kuti aliyense aione. Anali a Ron.

"So, how's my boy?"

"Sir, bad news," ndinatero ndi mawu a m'busa. Ndinawafotokozera m'Chingerezi changa cha pa Sande kuti asavutike kugula tikiti, mwanayu waphonya ndodo masana onse.

"Waphonya chiyani?"

"Ndodo, sir. The stick. Palibe wagunda mpira wake."



"Nobody?"

"Nobody, sir. Koma musadandaule, ndakupezerani wina wonenepa. Ameneyo aliyense amamumenya bwinobwino!"

Phokoso limene linatuluka mu foni muja linamveka mpaka ku mabenchi. A Ron ankakuwa, ankaseka, ankatsokomola. Kenako anafunsa kuti kodi pali munthu wina aliyense pafupi, aliyense, ngakhale wogulitsa soda.

Ndinapereka foni kwa Tiyamike. Analankhula pang'ono, "Yes sir, yes sir," maso akukula. Atamaliza anati, "Amayi, akuti abwera okha mwezi uno!" Apa mpamene ndinazindikira kuti ntchito ya pitcher ndi kuphonyetsa wa ndodo.

Mayi Nkhoma anaimba nthungululu mpaka azungu anadzidzimuka. Atatha, anachotsa ambulera pamutu panga mwakachetechete.

"Achimwene, baseball munaisewerera kuti?"

"Ku Ntcheu, mayi."

"Ku Ntcheu kwake kuti?"

Ndinavalanso magalasi akuda aja.

A Ron anabweradi, ndipo draft itafika, timu ina inamutenga Tiyamike. Ku phwando lotsanzikana ku Kitengela anandiitana, ndipo ine wopanda nzeru ndinapita. Mnyamatayo ataimirira kuti athokoze anthu, anatchula makolo ake, aphunzitsi ake, kenako anandiloza.

"Ndithokozenso ankolo a Chimphepo. Ankolo, pepani, ndodo ija ndikuiphonyabe mpaka lero!"

Abale anga, gule ukakhala sukumudziwa, ingoomba m'manja pamene eni ake akuomba.