Mzati wa a Mkokomo

A Mkokomo, oimba chilipenga chachikulu chija chokulunga thupi lonse, anali munthu wopatsa moni mzati. Eetu, mzati! Chinali chipika chokhota chimene anachiimika okha pakati pa holo ya bandi, chaka chomwe mphepo inasasula malata.

Akalowa, chipewa m'manja: "Mwaswera bwanji, mayi? Katunduyo sakulemera?" Kenako khutu pamtengo, phee, ngati dokotala.

Mkamwini wawo, yemwe ankatsogolera bandi, zinkamuchititsa manyazi.

"Bambo, anthu akutisekatu."

"Aseke. Mano akusekerawo awasungira ndi mayiwa."

Ng'oma yaikulu ankaithamangitsira pakhomo, ati imadzutsa chiswe. Nyimbo ikafika pokoma, umangomva: "Chete! Denga likuyankhula!" Bandi yonse zii, malipenga ali kukamwa. Tsiku lina anatulutsira aliyense pamvula, chonsecho anali buluzi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

A Mkokomo atamwalira, komiti inakonzetsa holo: penti, mawindo agalasi, siling'i yoyera mbee yobisa mitanda yakale. Mmisiri anaumenya theche mzati uja.

"Nanga chonyansachi?"

"Chotsani," anatero mkamwini, mtima uli myaa. Koma unakana kuzuka, anachita kuucheka.

Tsiku loyamba kuyeserera m'holo yatsopano, ng'oma anaiika pakati. Mwana wamkazi wa mkamwini uja anaima ndi lipenga pomwe panali mzati paja. Gu! Gu! Mkamwini akugwedeza kamtengo kake kotsogolera nyimbo, anaona kaufa kachikasu kakugwera paphewa la mwanayo. Kumwamba kunalira kweee, motsitsa. Palibe wina anamva.

Anacheukira pangodya pomwe ankakhala apongozi ake, kudikira mfuu ija. Panali chilipenga chokha, atachipachika pakhoma ngati chokongoletsa. Mantha anamugwira.

"Chete!" anatero mkamwini. "Tulukani. Pang'onopang'ono. Ng'omayo isiyeni."

"Hede! A Mkokomo adzuka!" wina anatero, ena n'kuseka.

Iye sanaseke. Anagwira mwana wake padzanja zolimba, osamusiya mpaka kufika pamsewu.

Holoyo ikadali yokhoma, ikuwala penti, ndipo bandi imayeserera panja. Dengalo silinagwe, likungodikira. Mkamwini amapitako yekha m'mawa uliwonse, n'kugunditsa khutu pachitseko. Amamva kweee, koma sadziwa ngati ndi buluzi kapena ndi mtanda. Apongozi amene akanawafunsa aja anawaika m'manda akuwaseka.