Tchalitchi cha sopo ku Umm Ghuwailina

Anzanga, mukandiona ndikuyenda mopendekeka masiku ano musandifunse zambiri, ndikuuzani ndekha.

Pa hotela yomwe ndimalondera ku West Bay, kuno ku Doha, pali chithunzi cha katchalitchi ka miyala ka m'mudzi wina ku Ulaya: makoma ochindikala, timawindo ting'onoting'ono, khomo lokhota pamwamba ngati uta, ndi nsanja ya belu yaifupi yojintcha. Mlendo wina wachikulire atandipeza ndikuchiyang'anitsitsa anandiuza kuti mamangidwe amenewo amatchedwa Romanesque, ndi amakedzana, ndipo makoma amachindikala chonchi kuti asenze denga lolemera. Ine mumtima ndinangoti, agogo inu, ichitu ndi tchalitchi cha kwathu ku Dedza, kungoti chathu n'cha njerwa. Azungu a mishoni anabwera ndi chithunzi cha kwawo m'mutu, agogo anga n'kuumba njerwa, ndipo khomo lalikulu litang'aluka ndi mvula, amene analimanganso ndi bambo anga, ine ndikuwapatsira matope.

Pakhomo limenelo ndi pomwe bambo anatulukira ndi mayi tsiku la ukwati wawo. Ndi pomwenso bokosi la mayi linatulukira chaka chatha, ine ndili kuno, kontrakiti itandimanga miyendo. Chichokereni kumaliroko bambo anangoti zii. Ukawaimbira foni, "Tilipo," basi. Mlongo wanga Esinala ankati kutchalitchi anasiya, chakudya akungotola. Zinkandipweteka, ndipo ndinkaopa kuti nawonso tiwataya.

Ndiye ndinati ndiwamangire katchalitchi kathu, ndiwaonetse pa vidiyo, mwina ayankhulako. Koma njerwa ku Doha ndikazipeza kuti? Tembo, mnzanga wa ku Chipata yemwe timagona chipinda chimodzi ku Umm Ghuwailina, amakonza zipinda za alendo, choncho anayamba kundibweretsera tisopo totsala toti tikatayidwe. M'malo mwa matope ndinaphika phala la ufa watirigu. Sopo wonyowa mukumudziwa? Ukamuika apa, wapita apo. Koma ine ndine ndani, si mwana wa mmisiri?

Makoma anaima ndithu, ngakhale ankaoneka ngati alawako kachasu. Pakhomo pankafunika chinthu chozungulira choti njerwa zigonerepo mpaka yapakati italowa, ndiye ndinabwereka chitini cha shuga cha Tembo, mwini wake ali kuntchito. Apa m'pamene ndinadziphera. Bambo ankaika timitengo pansi pa thabwa lochirikizira khomo, kuti pomaliza ukachotsa timitengoto thabwa litsike lokha, lisiyane ndi njerwa mwamtendere. Ine ndinangogoneka chitini patebulo n'kuchimata phala mosaumira.

Lachisanu, tsiku langa lopuma, Esinala anawagwirira foni bambo. Ndinavala malaya oyera, chipinda chonse chikununkhira ngati bafa ya alendo, n'kuyamba kufotokoza ngati katekisiti: apa nsanja, apa timawindo. Bambo anayandikitsa nkhope.

"Nanga chitinicho chikutani pakhomo la Mulungu?"

Mawu ochuluka chotero anali asanandiyankhulepo chaka chonse. Nthawi yomweyo Tembo analowa ndi kapu ya tiyi.

"Iwe boyi, shuga yanga nasakila since morning. Yalla, fulumira, leta kuno."

"Dikira kaye, ndili pa call ndi bambo."

"Ah, sorry atate, muli bwanji? Koma shuga ni yanga."

"Mpatse mnzakoyo," anatero bambo. "Ngati wamanga, khomo liima."

Ndinakoka pang'ono, chitini chinakana. Ndinakoka ndi mphamvu, chinabwera, koma chinabwera ndi khomo, khomo n'kuitana makoma, nsanja n'kugwera mu tiyi wa Tembo, chivundikiro n'kutseguka, shuga mbwee pansi. Pofuna kuwakha foni yomwe inkagwa patebulo ndinaponda kasopo kamodzi, ndipo zomwe anaona anthu a ku Dedza ndi mapazi anga awiri ataloza kudenga.

Ndili chigonere, shuga m'khutu, ndinamva phokoso lachilendo pafoni. Ndinachita mantha, ndinkayesa abanika. Ayi, ankaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, Esinala akuwasisita pamsana, iyenso misozi ili chuchuchu.

"Timitengo, Yohane. Timitengo unasiya kuti?" Anapukuta m'maso ndi mkono. "Mayi ako akanaona zimenezi, akanafotokozera mudzi wonse. Esinala, Lamulungu unditengere kutchalitchi ndi foniyi, ndikachionetse chitsiruchi mmene khomo limakhalira."

Anapitadi. Ndinaonera ndili pa nthawi yopuma, nditabisala kuseri kwa hotela, iwo akusisita njerwa yapakati ndi ndodo yawo n'kumanditukwana mwachikondi, ine ndikulira mu yunifolomu ngati mwana.

Ndalumbira, za umisiri ndasiyira eni ake, chiuno changa n'chimodzi. Koma bambo akadzangoti zii kachiwiri, Tembo abisiretu shuga wake.