Komiti Imene Inachapa Kapeti ya Nangondo

M'mudzi wina umene dzina lake tilisunga, kuseri kwa phiri kumene basi sifika, munali mayi wamasiye, Nangondo, amene denga la nyumba yake linkadontha paliponse. Chuma chake chinali chimodzi basi: kapeti ya ubweya wa nkhosa, yoluka pamanja, imene malemu amuna ake anabwera nayo kuchokera ku Halale, kumene anaphikira mzungu zaka makumi awiri.

Tsono tsiku lina kunadutsa a Mwafulirwa, ogula zinthu zamakedzana ochokera m'tauni. Ataona kapetiyo anagwada, naitembenuza, nawerenga mfundo za kunsi kwake ndi chikhadabo, nainunkhiza ngati fodya.

"Mayi, iyi si ya makina ayi. Onani mizere yokhotakhotayi, ndi manja a munthu amenewa. Utoto wake ndi wa mizu. Ndibwera Loweruka ndi ndalama zokwanira malata. Koma chonde musaikhudze."

Mawuwo anafika kumsika mwiniwake asanalize n'komwe njinga yamoto. Pofika Lachiwiri kunali kutabadwa Komiti Yaikulu Yoona za Ulemerero wa Kapeti, anthu khumi ndi awiri, Wapampando wake a Kachingwe, amene pakhomo pawo panalibe ngakhale mphasa.

"Alamu," anatero a Kachingwe kwa Nangondo, "chinthu chakuda bii chonchi chikalowe m'tauni m'dzina la mudzi uno? Akatiyesa osasamba."

"Koma iwo aja anati isakhudzidwe," anayankha Nangondo.

"Amenewo ndi manyazi a mlendo. Mumafuna anene poyera kuti ndinu auve?"

Lachitatu anapita nayo kudambo. Amuna anayi anaipuntha pamwala, kuikwecha ndi zitsononkho, kuiviika m'mankhwala oyeretsa zovala mpaka utoto wa mizu uja unapita ndi madzi. Lachinayi Mlembi Wamkulu, amenenso ndi telala, anadula mphonje zonse ndi sizasi, nasoka mpendero pa makina. Lachisanu anainyika mu utoto wofiira wa m'golosale n'kuisita ndi simbi yamakala. Fungo lake, abale, ngati wina akuwawula mbuzi.

Loweruka a Mwafulirwa analandiridwa ndi kwaya. Anayang'ana kapetiyo nthawi yaitali, navula chipewa ngati ali pamaliro.

"Pepani mayi. Ine ndimagula ukalamba wake. Panopa ili ngati zatsopano za m'sitolo zija. Sindingapereke ngakhale ya msomali umodzi."

Kenaka a Kachingwe anatembenukira khamu, nkhope ili ngwee.

"Mwadzimvera nokha! Katswiri akuti ili ngati yatsopano!"

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya.

Mvula itayamba, Nangondo anakwera yekha pa makwerero, nayala kapetiyo padenga, naitsindira ndi njerwa. M'mawa mwake Komiti inafika ndi riboni, ndipo a Kachingwe anatsegulira denga latsopanolo mwamwambo, Nangondo atawagwirira ambulera.