Kapulogalamu Kosadziwa Kwawo

Mboni zanga ndizitchuliretu: amayi a Zito (akazi anga, amene sanama kupatula pa mtengo wa nsalu ya kapulana), mestre Saide wokonza mafoni kumsika, ndi apongozi anga aamuna, amene mpaka lero amandipatsa moni akuyang'ana mtengo. (Mwambo umalola, koma iwo akuwonjeza.) Onsewa ali moyo. Kawafunseni.

Bungwe la alimi a mbatatesi linandipempha kuti ndiwalembere kapulogalamu kotumiza uthenga pa mafoni a mamembala onse nthawi imodzi. Chofunika chinali chakuti kazidziwa pomwe kali. Kakakhala pa kompyuta ya ku ofesi, katumize kwa alimi. Kakakhala pa laputopu yanga kunyumba ku Namacula, pomwe ndimayesera, katumize kwa ine ndekha.

Anzanga amati ndikauze kaziwerenga dzina la kompyuta. Ine ndinapeza nzeru yoposa. Laputopu ili ndi batire, ya ku ofesi ilibe. Ndinakalamula kuti, ukaona batire uli kunyumba, ukapanda kuiona uli pantchito. Ndinadziombera m'manja.

Kenaka kunafika kuzizira kwa Juni, kuja nkhuku za ku Lichinga zimayetsemula pamtengo mpaka masana (ndikulumbira), ndipo batire yanga inasankha mwezi womwewo kutupa ngati mkate. Mestre Saide anaizula.

"M'bale wanga, izigwira ndi chingwe basi, yatsopano ichokera ku Nampula."

"Palibe chisinthe?"

"Chisinthe n'chiyani? Yangopepuka."

Munthu ameneyu amalipiritsa anthu.

Lachisanu ndinakhala pansi kuyesa. Uthenga woyesera ndimalemba zilizonse, poti wowerenga ndine ndemwe. Ndinalemba kuti: "Mawa bweretsani mbatatesi zanu zonse kwa bambo a Zito ku Namacula. Ndalemera. Ndigula ndi zowola zomwe." Foni yanga sinalire. Ndinatukwana netiweki monga mwa masiku onse, n'kuiwala.

Pomwe kapulogalamu kaja kanafunafuna batire, osaipeza, n'kudziyesa kali ku ofesi. Pa tebulo langa! Pafupi ndi kapu yanga ya tiyi!

Loweruka anandidzutsa amayi a Zito. "Bambo a Zito, mwalemera liti osandiuza?"

Panja panali mota, njinga yamoto ija, itatsitsa kale matumba. Ndisanapeze nsapato inafika ina, kenaka chapa, minibasi yomwe anthu anakhala pamwamba pa mbatatesi mitu ikugunda denga. Pofika masana chitseko cha chimbudzi sichinkatsegukanso. Mwana wanga Zito ananena kuti akuona dera lonse la Assumane ali pamwamba pa mulu, ndipo sindinamutsutse.

Ndinakwera pa thumba kufotokoza. "Abale, si ine, ndi batire!"

Mkulu wina wa chipewa chaubweya anafunsa, "Batireyo ili kuti?"

"Palibe."

"Ndiye ukunamizira chinthu choti palibe?"

Pamenepo n'kuti apongozi atafika ndi galimoto yobwereka. Sanandiyang'ane. Analankhula ndi mwana wawo. "Uwauze amuna ako kuti zowola ndaika pamwamba, asavutike kufufuza."

Anandipulumutsa ndi wapampando wa bungwe, amene anaitana ogulitsa a kumsika. Iwo ataona alimi alibe pothawira anagula pa mtengo wachipongwe. A mamota ndinawalipira ine. Za apongozi zinatsala, chifukwa palibe mkamwini angauze apongozi kuti senzani, bwererani. Tikudyabe. Zito akaona mbatatesi amalira.

Chimene chimandipweteka n'chakuti aliyense akuti wolakwa ndine. Wozula batire akuyenda momasuka kumsika. Kapulogalamu kosadziwa nyumba yomwe kanabadwira palibe wakadzudzula.

Komabe ndakonza, ndipo ulendo uno ndaganiza mozama. Tsopano kamayang'ana pirinta. Ku ofesi ilipo, kwathu kuno sinapondeko.

Dzulo amayi a Zito andiuza kuti alamu anga akusamuka, ndipo atisungitsa katundu pang'ono. Ndafunsa kuti katundu wanji. Akuti mipando iwiri ndi kamakina kena kotulutsa mapepala, kamene Zito walumikiza kale kuti aone ngati kakugwira.