Mafilizesi a Meja

Nkhani iyi ku Kawale amaikamba m'njira zambiri. Ena amati galuyo ankagona pa matiresi, ena amati Chingerezi ankachimva kuposa aphunzitsi. Zimenezo n'zokometsera chabe. Ine ndinali woyandikana nawo nyumba, ndipo ndikuuzani zokhazo zimene zinachitika, chifukwa nazonso n'zokwanira.

A Nedson Kampanje anagwira ntchito ya ukhukhi zaka khumi ndi chimodzi kwa dona wina wachizungu ku Area 43. Mu 1996, donayo pobwerera kwawo anawasiyira zinthu ziwiri, filiji ndi galu, ndipo ananenetsa kuti wotenga filiji atengenso galu. Mayi Sofiya, akazi awo, ankafuna filiji. A Nedson ankafuna galu. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanagwirizanepo chinthu mwachangu chotero.

Galuyo dzina lake anali Meja. Amene amati anali ngati mwana wa ng'ombe akunama. Anali ngati mbuzi yaikulu, koma waubweya wambiri. A Nedson ankayenda naye pachingwe madzulo aliwonse mpaka kumsika, ndipo munthu akawafunsa mtundu wa galuyo ankayamba atsokomola kaye asanayankhe.

Filiji ija inasanduka bizinesi. Mayi Sofiya anayamba kupanga mafilizesi, aja a madzi otsekemera oumitsa m'timatumba tapulasitiki, n'kumakagulitsa pageti la sukulu ya pulayimale. Analipo ofiira, achikasu, ndiponso a malambe, amene ana ankachita kukanganirana.

Kenaka kunabwera Okutobala. Meja anagona pansi pa mpapaya, lilime panja, chakudya osachiyang'ana n'komwe. A Nedson anakumbukira zimene ankachita kwa dona mwezi wotentha: ankaphika msuzi wa nkhuku, kusakaniza ndi chiponde ndi nthochi, kuumitsa mufiliji, Meja n'kumanyambita masana.

"Amake Belinda," anatero tsiku lina mofatsa, "kodi mufilijimo simungapezeke kamalo ka mbale imodzi?"

"Mbale ya chiyani?"

"Ya Meja. Kutenthaku kukumuzunza."

"Agalu alipo angati ku Kawale kuno? Munamvapo kuti wina wafa ndi Okutobala?"

"Amenewo ndi agalu wamba. Uyu ali ndi khadi la kuchipatala."

Mayi Sofiya anasiya kumanga timatumba tawo. "Tamverani, bambo a Belinda. Za mufiliji umu amayamwa ndi ana a eni ake. Tsiku limene anthu adzamve kuti mafilizesi a Sofiya amagona ndi chakudya cha galu, pageti paja ndachokapo. Ndikadzangopezamo kanthu ka galu wanuyo, ngakhale kafupa, akupita ku Ntcheu kwa achimwene kukathamangitsa anyani m'munda. Akhala akundipempha galu kuyambira chaka chatha."

A Nedson ankawadziwa akazi awo kuti mawu sabwereza. Anamuyang'ana Meja, namuona m'maganizo ali ku Ntcheu, akudya phala la gaga, anyani akumuseka pamwamba pa thanthwe. Koma anaonanso lilime lija. Ndiye anachita zimene amachita mwamuna aliyense woopa mkazi wake: anavomera ndi mutu, n'kudikira kuti atuluke.

Mayi Sofiya akangonyamula kulabokosi yawo kupita kusukulu, a Nedson ankasonkha moto kuseri kwa nyumba. Nkhuku yathunthu ngati ya kwa dona sakanaikwanitsa, choncho ankaphika mitu ndi zipalapasiro, kuwonjezapo mitu ya usipa, nsinjiro, ndi nthochi zakuda zija amataya ogulitsa. Ankaphikira m'chitini chakale cha Meja, kutakasa ndi kamtengo, n'kusefa ndi sokosi. Sokosiyo inali yochapa, tinene zoona, koma inali sokosi.

Zitazizira, anaona chinthu chimene chinawasangalatsa: mtundu wake unali ndendende wa malambe. Anatenga timatumba ta akazi awo, nathiramo, namanga mfundo ziwiri m'malo mwa imodzi kuti azizindikira, n'kutibisa pansi, kumbuyo kwenikweni kwa a malambe enieni. Amati mbuzi yakuba umaibisa m'khola la mbuzi.

Masana aliwonse ankatulutsa kamodzi. Meja ankachita monga anamuphunzitsira dona: kukhala pansi moongoka pamaso pa wogwira kathumbako, kumuyang'anitsitsa, kukweza dzanja lamanja, n'kudikira. Pasanathe masiku atatu anayambanso kudya ndi kuuwa.

Vuto loyamba linali fungo.

"Mufiliji umu mukumveka usipa," anatero Mayi Sofiya.

"Ndi nsomba za anebawa," a Nedson anayankha osakweza maso. "Ndakhala ndikuzimva."

Aneba ake ndinali ine. Ndinkasungitsamo kambale ka nsomba mwa apo ndi apo, monga tinkachitira tonse a mumzere umenewo, ndipo tsiku lomwelo kambale kanga kanabwezedwa ndi mawu ochepa. Mukaona kuti nkhaniyi ndikuikamba mosabisa kanthu, chifukwa chake ndi chimenecho.

Panatha milungu iwiri zinthu zikuyenda bwino. Lachisanu lina kusukulu kunali masewero, ndipo Mayi Sofiya anagulitsa pafupifupi zonse. Loweruka masana, dzuwa lili paliwombo, pakhomo panafika a Ezekiel, achimwene awo aja a ku Ntcheu, osatumiza ndi uthenga womwe, thumba la kachewere paphewa, thukuta lili chuchuchu padazi pawo. A Ezekiel ndiwo anali mwini mbumba, munthu amene akakhala pampando aliyense amatsitsa mawu.

Anawakhazika pakhonde. Moni anayenda bwinobwino, wa ana, wa kumudzi, wa mvula imene sinabwere. A Nedson ali mkati mofunsa za ng'ombe, Mayi Sofiya anatulukira ndi mbale ya alendo, ija yamaluwa, nagwada.

"Muli ndi mwayi, achimwene. Ndimayesa a malambe atha, koma ndapeza ena anatsalira kumbuyo. Muziziritseko kukhosi."

M'mbalemo munali timatumba tinayi. A Nedson anawerenga mfundo. Anawerenganso kachiwiri.

"Alamu," anatero a Nedson, "bwanji ndikakugulireni chakumwa cha m'botolo? Izi n'za ana."

"Za m'mabotolo zimandidzaza mpweya."

"Komatu zozizira kwambiri zimaphwanya mano."

"Mano anga ndi a ku Ntcheu, alamu. Amaphwanya chimanga chokazinga."

"Mwina muyambe mwasamba..."

"Bambo a Belinda," anatero Mayi Sofiya, "asiyeni achimwene apume."

A Ezekiel analuma kangodya ka kathumba, nalavula kapulasitiki, nayamwa. Anayamwanso, nthawi ino motalikirapo, maso ali kudenga.

Nthawi yomweyo Meja anadzuka pansi pa mpapaya. Inali nthawi yake, ndipo fungo linali lake. Anabwera mwaulemu, nakhala moongoka pamaso pa mlendoyo, namuyang'anitsitsa, nakweza dzanja lamanja.

A Ezekiel anadabwa pang'ono, koma ndi munthu woleredwa bwino. Anagwira dzanjalo. "Tili bwino, kaya inu."

Meja anatsitsa dzanja, nadikira. Palibe chinabwera. Anakwezanso.

"Tapatsana kale moni, bwana," anatero a Ezekiel. Kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo. "Chemwali, malambe a m'tauni ali ndi kamsuzi."

"Kamsuzi?"

"Akumveka ngati nkhuku yotendera. Kumapeto kwake kukubwera kausipa. Koma ndi abwino. Ine zotsekemera zija sindizikonda, izi ndiye za akuluakulu." Anapisa chala m'kamwa, natulutsa kanthu, nakayang'ana padzuwa. Kanali kachikhadabo ka nkhuku. Sokosi ija inali ndi kabowo ku chidendene.

Mayi Sofiya anatola kathumba kamodzi m'mbale. Anayang'ana mfundo. Ananunkhiza. Anayang'ana galu, amene dovu linali litayamba kugwera pasimenti. Pomaliza anayang'ana amuna awo, ndipo a Nedson anapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri pa chala chawo chakuphazi.

"Achimwene," anatero Mayi Sofiya ndi mawu osalala ngati mafuta, "paja mumafuna galu wa kumunda. Uyu mupite naye pobwerera."

A Nedson anatseka maso.

A Ezekiel anamuyang'ana Meja kuyambira kumutu mpaka kumchira, akuyamwabe. Meja anameza malovu mokweza.

"Uyu? Ayi, chemwali, zikomo. Galu woyang'ana mlendo m'kamwa chonchi? Chiyambireni kudya ine sanaphethire n'kamodzi komwe. Ameneyu angakandichititse manyazi pamaso pa anthu. Anyani ndi bwino, amaba uli kutali." Anafinya kathumbako kuti zotsalira zikwere. "Ndipo n'chifukwa chiyani akundiyang'ana ngati ndikudya zake?"

Inu, pakhonde paja panagwa bata loti ndinalimva ndili kwanga kuseri kwa mpanda.

Kuti galu apite, panafunika kunena mlandu wake. Kunena mlanduwo kunali kuuza mwini mbumba kuti mlongo wake, atagwada, ndi manja ake awiri, pa mbale yamaluwa, wamupatsa chakudya cha galu. Nkhani yotero ikanafika ku Ntcheu basi isanafike, ndipo pageti la sukulu ikanafika Lolemba m'mamawa.

"Ndi mmene alili, achimwene," anatero Mayi Sofiya pomaliza. "Anazolowera kwa azungu."

"Ndimadziwa ine," anatero a Ezekiel, natenga kachiwiri.

A Nedson anapuma mpweya umene anausunga kuyambira pa moni. Anafulumira kupuma. Mayi Sofiya anakwawa ndi mawondo, nawayandikizira mbale ija, akumwetulira monga mkazi waulemu.

"Bambo a Belinda, mlendo sadya yekha. Tengani."

"Ine ndakhuta, amake..."

"Tengani, alamu," anatero a Ezekiel. "Mukundichititsa manyazi."

A Ezekiel ankadya mosadziwa, ndipo kusadziwa ndi ndiwo yabwino. A Nedson ankachidziwa chitini. Ankakadziwa kamtengo. Sokosi ija anaivala zaka zinayi. Analuma kangodya, nayamwa, ndipo Meja anasuntha, nakhala pamaso pawo, nakweza dzanja kwa munthu yekhayo amene ankamukhulupirira pa dziko lapansi.

"Mukuwamva bwanji, alamu?"

"Mchere wachepa," anatero a Nedson, misozi ili m'maso.

"Ndimati ndinene zomwezo."

A Ezekiel anabwera kudzagona masiku awiri, koma anakhala masiku asanu ndi anayi, ati kunja kukutentha kuyenda. Masana aliwonse ankafunsa za malambe a akuluakulu aja. Mayi Sofiya analamula kuti aziphikidwa mumphika weniweni ndi sefa yeniyeni, wophika akhale yemwe uja, ndipo tsiku lililonse mlendo sankadya yekha.

Meja sanapite ku Ntcheu. Anakhala ku Kawale mpaka anafa ndi ukalamba, ndipo Okutobala aliyense ankapatsidwa kathumba kake poyera, chifukwa munthu sungaletse galu chakudya chimene amadya mwini mbumba. Amene amati dazi la a Ezekiel linamera tsitsi lonyezimira chaka chimenecho akuwonjezera, linangowala pang'ono.

A Nedson ndinawafunsa tsiku lina ngati sanong'oneza bondo. Anakweza mapewa.

"Galu ndinamupulumutsa, aneba. Kungoti kuyambira tsiku lija, ndikamadya chilichonse amabwera kudzaona kaye ngati si chake."