Kalata Yanga Yopempha Mlatho

Lolemba
Mlatho wa pakhwawa lathu unapita ndi madzi chaka chatha, mpaka lero zii. M'mawa uno ndagwamo, nsalu za anthu zili pamutu. Basi, zakwana! Ine telala wodziwa kulemba, wokhoma msonkho chaka ndi chaka, ndiziwoloka ngati ng'ombe? Ndikulembera Bwana DC. Zofunika: pepala loyera, inki, ndi zala za anthu zoti zidinde pansi pake.

Lachiwiri
Kalata yatha, yokoma zedi. Ikuyamba motere: "Ife anthu anu okhoma msonkho mokhulupirika." Ndawawerengera mayi akunyumba katatu. Iwo: "Mlathowo musoka ndi makina anuwo?" Za boma sazidziwa.
Odinda lero: ine ndi mlamu wanga.

Lachitatu
Kudoko. Asodzi akuthawa pepala ngati aona ng'ona. Wina akuti ndikulemba anthu opita ku Joni. Wina akuti chala chatupa. Zonse khumi? Asanu okha adinda. Kalata ikununkha usipa.

Lachinayi
Mwayi! Che Bwanali, mwini khoka lalikulu, adinda anthu onse akuona. "Wallahi, mpunga wanga ukuwolera tsidya lino, bweretsani pepalalo." Basi onse ndondondo pambuyo pawo, inki mpaka kuthira madzi. Dzina lililonse ndalemba mooneka bwino, ndi mudzi wake womwe. Ntchito yaukhondo!

Lachisanu
Kuboma, pa njinga yobwereka. Bwana DC kulibe. Kalaliki wa msonkho walandira kalata ndi manja awiri, wandipatsa ndi mpando. Mpando, ine! Akuwerenga maina pang'onopang'ono, kenako akutsegula buku lalikulu.
"Bwanali ameneyu ali moyo? Muno tinalemba kuti anamira ku Mbenji kalekale."
Ine: "Ali bwinobwino, bwana, anenepa kumene."
Pakamwa pangapa!

Loweruka
Amesenjala atatu afika kusanatenthe, kalata yanga ili m'manja. Pakhwawa angovula jombo n'kuwoloka, osadandaula n'komwe. Akuitana maina monga ndinawandandalikira ine.
Osakhoma msonkho: ambiri.
Amene ankati ali ku Halale: alipo, akusoka ukonde.
Omwalira: atatu, onse auka.
Mlamu wanga naye ali pamzere wopita kuboma, sakundiyang'ana. Ndafunsa za mlatho. Mesenjala wamkulu: "Zikuganiziridwa. Koma bwana akuthokoza kwambiri, akuti muli ndi dzanja labwino."

Lamulungu
Kutchalitchi benchi lonse ndi langa ndekha, mphepo ikupita mbali zonse. Wopereka moni ndi mmodzi, nayenso ndi mlendo. Che Bwanali atumiza mawu kuchokera kuboma: akabwerako adzandichezera, ndisachoke pakhomo. Mayi akunyumba akuti tikaone kaye abale awo ku Chitala, mwina mpaka kukolola. Sindikutsutsa. Makina ndisenza ndekha, wondithandiza palibe. Cholembera atenga mayiwo, akuti azisunga okha.