Makoko a Zipolopolo a pa Lamba Wanga

Lolemba

Ndanyozedwa lero. Ine! Kingi wa mganda wa mudzi uno kuyambira ena mwa ovinawa asanamere mano.

Tili pabwalo kukonzekera mpikisano wa Loweruka ku Malomo, a Gelesomu, mphunzitsi wopuma uja wolowa gulu dzanadzanali, aloza lamba wanga. Ati, "A Kingi, makoko anuwa ada ngati mano a munthu wa chingambwe." Anthu kuseka. Woimba ng'oma yemwe kuseka.

Lamba ameneyu si wa pakaunjika. Makoko a zipolopolo makumi anayi, amkuwa, opanda kanthu m'kati, otsala pamene malemu amalume ankapha nguluwe m'mapiri a Ntchisi. Ndinawabowola ndekha, kuwasokerera ndekha. Ndikaponda pansi amalira okha.

Kuda adadi. Ndipo lamulo la gulu limati wa yunifomu yosawala avine mzere wakumbuyo. Analikhazikitsa ndine. Ndikatsika ine, kutsogolo kupita Gelesomu. Zosatheka.

Mkamwini wanga Lameki wandionetsa pa foni mzungu akutsuka makoko onga omwewa. Chigubu chozungulira ndi magetsi, m'kati madzi, sopo, timisomali ndi kenakake kowawasa. Akutuluka waliwali. Mzunguyo amati ayambe kufotokoza, ine ndati tseka, ndaona kale. Kusukulu sindinapondeko, zilembozi ndinaziphunzira pa matumba a feteleza ndi m'buku la nyimbo. Ndiye Chingerezi chizindiuza ine katsukidwe ka mkuwa?

Anabanda, akazi anga, ati phulusa ndi kansanza basi, limodzilimodzi. Phulusa! Ngati ndi mapoto.

Zofunika:
chigubu cha mafuta ophikira (chilipo, Anabanda sakudziwa)
mandimu asanu
sopo wa ufa, dzanja limodzi
misomali yakale ya pachigafa
mchenga wa kumtsinje
anthu osalankhulalankhula (awa ndiye kulibe)

Lachiwiri

Ndasomola makoko onse pa lamba. Makina oyamba: gudumu lakale la njinga, ndalikhomera pa mtengo wa mango, chigubu ndachimangirira ku masipoko ndi mphira. Ndikuzungulitsa ndi kamtengo. Wayawaya, wayawaya. Nzeru zake zimenezo! Magetsi a chiyani?

Dzanja layamba kuwawa. Ndasintha. Linzake nalonso.

Ndati ndiwonjezere liwiro kuti zithe msanga. Chivindikiro thu! Madzi a mandimu m'maso, makoko mbwee pabwalo ponse, nkhuku kuthamangira poyesa chimanga. Ndakwawa ndi mawondo mpaka dzuwa kupendeka. Ndatola makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Atatu kaya. Khwangwala wina ali pankhokwe akundiyang'ana mwachinyengo.

Anabanda adutsa ndi ndowa pamutu, andiyang'ana cham'mbali. Kayang'anidwe kawoko ndimakadziwa.

Wolakwa ndi wopanga zivindikiro. Masiku ano amangopanga zinthu zosalimba.

Lachitatu

Langizo kwa amene adzawerenge izi ine nditapita: pepala la pulasitiki kukamwa kwa chigubu, kenako chivindikiro, kenako mphira pamwamba. Sichidonthanso.

Makina achiwiri: gudumu la ngolo. A Yohane, oyandikana nawo, akupita kuchigayo, ndamangirira chigubu ku gudumu lawo. Ng'ombe zigwire ntchito, ine ndiziyenda pambuyo ngati kapitawo.

Anthu a m'njira alibe ulemu. Wina wafunsa ngati ndayamba kutcheza kachasu woyenda. Mkulu wa mpingo watipeza pamlatho, wayang'ana chigubu, wayang'ana ine, wati adzandiyendera. Adzabwere. Adzapeza mandimu.

Potsetsereka phokoso lakula, ng'ombe zadzidzimuka, liwiro! Thumba la chimanga pansi, kung'ambika. Tatola ndi manja awiriawiri ngati nkhuku zadzulo zija. A Yohane ati ngolo yawo ndisadzaiyandikirenso ngakhale pa maliro. Munthu amene ndinamuimira pa chinkhoswe chake!

Ndatsegula. Makoko ali mbuu ngati miyala ya m'khola. Ng'ombe zake n'zaulesi, zathamanga pang'ono pokha.

Lachinayi

Mulungu anatipatsa mapiri dala. Makina achitatu: chitunda cha kuseri kwa nyumba. Kukwera nacho chigubu, kuchisiya, chigubuduke chokha.

Koyamba, bwino. Kachiwiri, bwino. Kachitatu mawondo ayamba kunena zawo. Kachisanu ndapuma pamwala nthawi yaitali, osati chifukwa chotopa, ndimaona mitambo.

Kachisanu ndi chimodzi chagunda chitsa, chakhota, chalunjika m'dimba la Anaphiri, mayi wamasiye wa pakamwa polasa uja. Kabichi zinayi pansi. Zimene anena sindilemba, bukuli limagona pamodzi ndi la nyimbo. Chokha ndilembe n'chakuti anditcha mwana wa ndevu zoyera.

Koma ndatsegula, ndipo taonani! Kuwala kwayamba. Chikasu chikuoneka, pang'ono, m'mbalim'mbali. Ndaonetsa Anabanda. Ati, "Eya, tsukuluzani muyanike, pakwana." Pakwana bwanji? Gelesomu ndikufuna adzatsinzine maso.

Masamu ndimawadziwa popanda mphunzitsi. Mandimu asanu achita chonchi, makumi atatu achita kasanu ndi kamodzi. Ndathyola mtengo wonse. Misomali ndawonjezera, ya dzimbiri yomwe. Sopo watha, palibe kanthu. Zigonere momwemo mpaka mawa.

Lachisanu

Tsoka ine.

Makoko afiira. Osati kufiira kwa ulemu ayi. Kufiira kwa ana a mbewa ongobadwa kumene. Onse, makumi atatu ndi asanu ndi awiri, ndawayala pamphasa, angotsala kuti ayambe kulira.

Ndatsukuluza. Chimodzimodzi. Ndayanika padzuwa. Awonjeza.

Ndaitanitsa Lameki. Wakhala patali mwaulemu, wavula chipewa, ndiye akuti, "Bambo, mzungu uja amati zowawasazo kadontho chabe, ndipo osagoneka. Misomali yakenso ndi yosachita dzimbiri. Paja munati nditseke." Mkamwini wotani wotseka foni chifukwa chongouzidwa? Akanaumirira!

Olakwa mpaka pano:
mzungu, polankhula mochedwa
Lameki
mandimu a chaka chino
khwangwala

Anabanda atola khoko limodzi alowa nalo kukhitchini. Ndawauza kuti asavutike, nthawi yatha. Ndasokerera otsalawo pa lamba, motalikitsa kuti mipata isaoneke. Mwina pafumbi sadzaona.

Loweruka

Aona.

Tisanalowe m'bwalo, dokotala wa gulu, amene ntchito yake ndi kuyendera zikhadabo ndi mayunifomu, wafika pa ine. Kabudula mbee, sokosi mbee, nsapato zopolisha. Wafika pa lamba, waima. Watsokomola. Wanong'ona kuti, "A Kingi, lamulo lija ndi lanu lomwe." Ndikudziwa kuti ndi langa! Ndinalipangira ena!

Mzere wakumbuyo. Ine. Pakati pa a Yohane osandilankhula ndi mpongozi wa woimba ng'oma amene amaponda lamanzere ena akuponda lamanja. Fumbi lonse la gulu m'kamwa mwanga. Kutsogolo Gelesomu, kampango m'manja, kugwedera ngati wanyamula choko. Nthungululu zonse kwa iye.

Amayi a tsidya lina apeka nyimbo pomwepo, ya mkulu wobereka ana a mbewa m'chiuno. Anaphiri a kabichi aja ndi amene amatsogolera, ngakhale ndi a mudzi wathu.

Tapambana. Izi ndiye zandipweteka koposa.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi lakumbuyo. Ndazolowera.

Pobwera ndapeza khoko lija pawindo, limene Anabanda anatenga. Lili waliwali, chikasu chenicheni, monga tsiku limene amalume anandipatsa. Ndalitembenuza kangapo. Lanunkha phulusa.

Ndalibwezera pawindo. Lero ndi Sabata, sindigwira ntchito. Mpikisano wina ulipo tikakolola, ndipo makoko otsala pa lamba ndi makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Patsiku awiri, ndimaliza.

Ndawauza Anabanda kuti phulusa la mawa asataye, ndikufuna kuthira mu tomato. Ayankha osatembenuka kuti lili kale m'mbale kuseri kwa chitseko, pamodzi ndi kansanza ka tomatoyo.